Madzi Osafika M'mawondo

Tsiku limenelo kunatentha chiyambire m'mawa. Unali mwezi wa Okutobala, mvula isanaonetse chizindikiro chilichonse, ndipo nyenje zinkalira m'mitengo ya misuku mosapumira mpaka munthu kumamva ngati kulirako kuli m'mutu mwake. Kumwamba kunali kotuwa ndi utsi wa tchire limene osaka mbewa anatentha kutsidya, ndipo kamphepo kotentha kankabweretsa fungo la lupsa pamodzi ndi timaphulusa takuda timene tinkatera pamalaya. Kumtsinje kunkamveka zovala zikumenyedwa pathanthwe, phaa, phaa, khanda likulira kumsana kwa mayi wake, ndi mbuzi zikuitanizana cha kumadimba. Zonsezi ndimazimvabe, chifukwa ndilo tsiku limene agogo anga aMwale anamira m'madzi osafika m'mawondo. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Agogowo ndiwo anabereka amayi anga. Mudzi wathu uli kumwera kwa Sinda, maola awiri pa njinga kuchoka pa msewu waukulu. Agogo aakazi anamwalira ine ndisanadziwe kanthu, choncho aMwale ankagona okha m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yathu, n'kumadya kwa ife. Ntchito yawo inali yosoka mphasa. Mpaka lero ndikanunkhiza bango lonyowa ndimawaona atakhala pansi pa mtengo wa mango, miyendo atatambasula, chingwe cha khonje ataluma m'mano, singano yaitali yachitsulo ikulowa m'bango limodzi ndi limodzi, mbolembole, kwinaku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi imene sankaimaliza. Bangolo ankadula okha, kuling'amba ndi kampeni kakufa kumpini, kuliyanika, ndipo likauma ankalimanga mitolo n'kukaliviika kumtsinje, atalipsinja ndi mwala, kuti lifewe lisathyoke posoka. Manja awo anali odzaza ndi tizipsera ta bango, ndipo akakusisita pamutu unkamva ngati akukupala ndi chitsononkho.

Matenda akugwa, amene timati khunyu, sanabadwe nawo. Anawapeza atakalamba kale. Chaka china akuperekeza thonje ku msika, ng'ombe zinadzidzimuka pa mlatho, iwo n'kugwa pa ngolo n'kumenyetsa mutu pa mwala. Bala linapola, koma patapita miyezi ingapo anayamba kugwa. Ankayamba ndi kuyang'ana malo amodzi, kukamwa kukutafuna chopanda kanthu, kenako thupi lonse kuuma gwaa, n'kuyamba kuphiriphitha, thovu likutuluka.

Kwathu kuno anthu ankakhulupirira kuti matenda amenewa amapatsirana. Ankati ukakhudza thovu la munthu wakugwa, kapena ukapuma mpweya umene waphwisa pa nthawiyo, nawenso udzayamba kugwa. Choncho munthu akagwa, anthu ankathawa atatseka mphuno. Pamaliro kapena paukwati agogo ankawapatsa kapu yawoyawo, yachitsulo yophwanyika m'mbali, imene ankaipachika payokha pa nthambi. Ine zinkandiwawa, koma iwo ankailandira ndi manja awiri n'kuyang'ana anzawo amene ankapatsirana chikho chimodzi.

"Mwaona? Bwana ndine pano. Inu mukumwa malovu a anzanu."

Pobwerera kunyumba ankandiuza kuti anthu ndi odabwitsa, mphasa zawo amagonera usiku wonse, ana awo amabadwira pomwepo, koma kapu amaiopa.

Amayi anga okha ndi amene sankathawa. Nesi wa kuchipatala chaching'ono kumene ankakatenga mapilisi anawauza kuti matendawa sapatsirana, ndi kuti choopsa si kugwako ayi, koma pamene munthu wagwera. Amayi anabwera n'kundikhazika pansi. Anati kuyambira tsiku limenelo, ndikaweruka kusukulu, agogo asamapite kumadzi okha, asamakhale pafupi ndi moto okha, ndipo asakwerenso padenga. Akagwa, ndiwakokere kutali ndi choopsa, ndiwagoneke chammbali, ndisawaike kanthu m'kamwa, ndidikire. Agogo atamva anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kunditchula Simeoni. Ndinasanduka kapitawo.

"Kapitawo, ndikupempha chilolezo chopita kuchimbudzi," ankatero pamaso pa alendo, ataima njoo ngati msilikali.

Ntchito yangayo ndinkaidziwa bwino. Kangapo konse anagwera pamphasa yosatha kusoka, ine n'kuchotsa singano ndi mpeni, kuwatembenuza chammbali, kuwapukuta thovu ndi malaya anga. Sindinadwalepo, ndipo mpaka lero, imvi zili mbuu, sindinagwepo. Akatsitsimuka ankayang'ana uku ndi uku ngati mlendo, n'kufunsa ngati apita nthawi yaitali, kenako n'kufunsa kumene kuli singano yawo. Sankadandaula. Ankagona pang'ono, madzulo n'kupitiriza kusoka pomwe analekezera.

Panali zinthu ziwiri zimene anakana kumva. Choyamba, amayi anawapempha kuti aziviika bango mu mgolo pakhomo, ife tiziwatungira madzi. Iwo anati bango la mu mgolo limanunkha chivundi, ndipo mphasa yake munthu sangagonekepo mlendo. Bango limafuna madzi oyenda. Chachiwiri chinali mapilisi. Ankati amawalemeretsa m'maso, mzere wa chingwe n'kumakhota. Patatha chaka chathunthu osagwa, anaganiza kuti achira. M'mawa wina ndinawaona akulandira pilisi kwa amayi, kuliika kukamwa, amayi atatembenuka n'kulilavulira m'dzanja, kenako n'kulisomeka mu udzu wa denga la kanyumba kawo. Anazindikira kuti ndaona. Anandiitana ndi chala.

"Izi n'za amuna, kapitawo. Amayi ako ali ndi zambiri zoganiza."

Ndinasunga chinsinsicho, ndipo ndinkanyada kuti andiyesa mwamuna.

Tsiku lija tinapita kumtsinje dzuwa litapendeka pang'ono, kukavuula mitolo iwiri imene anaviika dzulo lake. Mtsinjewo nthawi ya chilimwe umatsala kamadzi koyenda pakati pa mchenga, ndi timaiwe apa ndi apo. Pamene agogo ankaviika bango, madzi ankandifika ine m'katumba. Chakumtunda pang'ono, pathanthwe, panali amayi atatu a m'mudzi wa kutsidya akuchapa. Mmodzi anali aNambewe, mayi wachitsikana wamtali, amene anabereka khanda kumsana. Agogo anawapatsa moni, n'kuwaseka kuti akumenya malaya a amuna awo ngati amunawo alimo. Amayiwo anaseka, aNambewe n'kuyankha kuti akanakhalamo bwenzi akumenya koposa pamenepo.

Tisanavuule mtolo woyamba, agogo anakweza mutu n'kuloza kumadimba. Mbuzi zinali zitaboola mpanda wa dimba la amayi anga, zikudya repu.

"Thamanga, kapitawo, amayi ako atipha tonse awiri."

Ndinakayika, koma anandikankha paphewa, nati aima pamchenga mpaka ndibwere, ndipo anthu si awa ali apa. Ndinayang'ana amayi atatu aja n'kuona kuti n'zoona, agogo satsala okha. Ndinathamanga. Mbuzi zinali zisanu, ndipo imodzi inandizungulitsa m'mizere ya tomato. Nditatseka pobowoka paja ndi nthambi yaminga, ndinazindikira kuti phaa, phaa uja wasiya. Kunkangomveka nyenje ndi khanda.

Nditafika pagombe ndinaona agogo ali chafufumimba m'madzi, pambali pa mtolo wawo, msana uli pamtunda, nkhope ili pansi, miyendo ikumenya madzi. Sanadikire. Anali atawerama kuti achotse mwala. Amayi awiri anali ataima patali, atatseka mphuno ndi nsonga za zitenje, akukuwa kuitana amuna a kumadimba. ANambewe anali pafupi kuposa anzawo. Anali atatola bango lalitali, akuyesa kukola kolala ya malaya a agogo kuti awadzutse mutu, koma bango linkangopindika.

Ndinalumphira pamchenga kuti ndilowe m'madzi. ANambewe anataya bango lija n'kundigwira. Anandikumbatira ndi manja onse awiri, kundipanikiza pamimba pawo, akunena m'khutu mwanga kuti ndisapite, madzi onsewo ali ndi thovu, ndine mwana, amuna akubwera. Ndinawauza kuti agogo ine ndimawagwira masiku onse, koma mawu anga sankamveka m'kulira kwa khanda lija ndi kukuwa kwa anzawo. Anali amphamvu, mayi wozolowera musi. Ndinapalapata, ndinawaponda, ndipo pomaliza ndinawaluma padzanja lamanja, pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, mpaka ndinamva magazi m'kamwa. Pamenepo anandisiya.

Ndinawagwira agogo m'khwapa n'kuwatembenuza. Miyendo inali itasiya kumenya. Ndinakhala pansi m'madzimo, mutu wawo uli pamiyendo panga, mchenga uli m'ndevu zawo, ndikuwaitana. Amuna atafika anatitulutsa tonse awiri. Mmodzi anayesa kuwafinya pamimba atakulunga manja m'thumba la feteleza, koma agogo anali atapita.

Pamaliro palibe amene anawadzudzula amayi aja. Ndinamva ndi makutu anga azimayi akunena kuti aNambewe anachita bwino kugwira mwana, bwenzi nyumba imodzi ili ndi odwala awiri. Patapita sabata, amayi anga akusasula kanyumba ka agogo, mapilisi anagwa kuchoka mu udzu ngati mbewu za mapira. Amayi anawatola limodzilimodzi, n'kundiyang'ana. Ndinawauza zoona. Sanandimenye. Anangonena kuti agogo anali munthu wamkulu, ndipo ine ndinali mwana.

Kuyambira pamenepo ndinakhala munthu wosalankhulalankhula. Kutchalitchi sindinasiye, koma tikamanena pemphero limene tonse timaliloweza, tikafika pa mawu okhululukira amene atilakwira, ndinkatseka pakamwa n'kudikira kuti anzanga adutsepo. Sindinkafuna kunama pamaso pa Mulungu. Ndinachita zimenezi zaka zambiri, ndipo palibe amene anazindikira.

Khanda limene linkalira kumsana tsiku lija linali Esinati. Tinadziwana ku kwaya, ine ndili kale ndi zaka makumi atatu, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndi mwana wa yani. Nditawauza amayi anga, anapitiriza kusenda nyemba, kenako anati mwanayo analibe mlandu, anali kumsana. Ndinakwatira, n'kupita chikamwini kutsidya kwa mtsinje womwe uja, ndipo aNambewe anakhala apongozi anga.

Mwambo wathu unandithandiza kubisa zimene zinali mumtima. Mkamwini sayang'anana ndi apongozi ake aakazi, sadyera nawo pamodzi, sawakhudza. Mukakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire, moni n'kupatsana chapatali, nkhope zitayang'ana kumbali. Anthu ankanditama kuti ndine mkamwini waulemu kuposa onse m'mudzimo. Koma nthawi zina, akamaika mbale pakhonde kuti Esinati adzatenge, ndinkaona dzanja lawo lamanja, ndi kachipsera kokhota ngati mwezi watsopano. Za tsiku lija sitinalankhulepo, ngakhale kudzera mwa munthu wina. Esinati ankadziwa nkhaniyo. Kamodzi kokha anandifunsa ngati ndimadana ndi amayi ake, ndipo ndinamuyankha kuti sindinawalakwirepo. Anandiyang'ana, nati si zimene wafunsa.

Tinakhala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ana anayi. Esinati anamwalira zaka zitatu zapitazo atadwala miyezi iwiri yokha. Abale ake atandisudzula, kundimasula kuti ndikhoza kubwerera kwathu, ndinapempha kutsala. Munda wanga wa nsawawa uli kumeneko, manda a mkazi wanga ali kumeneko. Panalinso china chimene sindinanene. Ana athu ali ku Katete ndi ku Lusaka, alamu anga aakazi anakwatiwa kutali cha ku Vubwi, ndipo aNambewe, atakalamba, anali atawapeza ndi matenda a shuga. Ankamwa mapilisi m'mawa uliwonse, ndipo akamwa osadya kanthu ankachita chizungulire, thukuta kutuluka, nthawi zina kukomoka kumene. Koma dimba lawo sankalisiya. M'dimbamo muli chitsime chokumba pamanja, chosazama, chimene munthu amatsikira masitepe awiri adothi n'kuwerama kuti atunge.

Ine ndikudziwa chimene madzi ochepa amachita kwa munthu amene sangathe kudzutsa mutu wake. Ndinatuma mawu kudzera mwa mkazi wa mnansi wathu kuti asamapite okha kudimba. Yankho linabwera loti akhala akutunga pachitsimecho mkamwini asanamere mano. Choncho ndinasintha nthawi yanga yothirira. Iwo akatsika ndi ndowa, ine ndinkakhala kale m'dimba langa, kuseri kwa mpanda wa mapesi, ndikupalira pamene ndinapalira kale dzulo. Ukapitawo unandibwereranso ndili ndi imvi.

Chaka chatha, mwezi wa Seputembala, m'mawa wina wa mphepo, ndinamva ndowa ikugunda pamwala, kenako phuvu. Ndinadumpha mpanda. Apongozi anga anali atagwera chamutu m'chitsime, mapewa ndi nkhope zili m'madzi, miyendo ili pamasitepe, chitenje chitamasuka mpaka m'chiuno.

Ndiyenera kunena zoona pano. Ndinaima. Sikunali kuima kwa nthawi yaitali, mwina kupuma kamodzi kokha, koma mapazi anga anaima okha, ndipo mutu wanga unatembenukira kumbali monga unazolowera zaka zonsezo, ndipo pakamwa panga panatseguka kuti ndiitane munthu wamkazi. Sichinali chidani. Chinali chinthu chimene ndinaphunzitsidwa ndili mnyamata, chimene chinalowa m'thupi mpaka kufika pochita chokha ine ndisanaganize. Kenako ndinatsika masitepe aja, kuwagwira m'khwapa, kuwakokera pamtunda. Anali opepuka ngati mtolo wa bango louma. Ndinawagoneka chammbali, kuwafunditsa jekete langa, kuwachotsa matope pamphuno ndi chala. Anatsokomola, kusanza madzi, kutsokomolanso. Atatsegula maso n'kuyamba kumeza bwinobwino, ndinathyola nzimbe pamzere wawo womwe, kusenda ndi mano, n'kuwapatsa kuti atafune.

Tinakhala pamenepo, iwo atatsamira tsinde la nthochi, ine nditakhala pa ndowa yovundikira. Kanali koyamba kuti tiyang'anane m'maso chiyambire tsiku la kumtsinje.

"Mwandigwira, bambo a Tisa," anatero. Tisa ndi mwana wathu woyamba.

"Ndakugwirani, amayi."

Anatafuna nzimbe pang'ono, n'kulavula zitsotso. Kenako anatambasula dzanja lamanja pabondo, chipsera chili pamwamba.

"Mano anu awa. Ndimawaona tsiku lililonse posamba m'manja." Kenako anapitiriza. "Ine ndinkati ndikupulumutsa mwana wa eni. Mpaka kudzamva kuchipatala, Esinati ali kale pasukulu, kuti matenda aja sapatsirana. Ndinabwera ndikulira njira yonse. Koma ndikanakuuzani bwanji, inu mkamwini wanga?"

Ndinawauza kuti nanenso ndinaima pamwamba pa chitsime ndisanatsike. Sanamvetse msanga, ndiye ndinafotokoza. Anapukusa mutu, nati koma inu munatsika. Ndinati ine ndinali ndi amayi amene anandiphunzitsa kugwira munthu wakugwa, iwo analibe wowaphunzitsa. Ndinawauzanso za mapilisi a mu udzu, zimene ngakhale Esinati sindinamuuze. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa ngati ndikawaneneza kwa ana kuti amwa mankhwala osadya phala. Ndinati ndikawaneneza lero lomwe, chifukwa chinsinsi cha mtundu umenewo ndinasungapo kamodzi ndipo sindidzasunganso. Anaseka, n'kutsokomola, nati mkamwini wolankhula ndi woopsa kuposa wosalankhula.

Masana ake ndinawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala, chifukwa munthu amene wamwa madzi otero ayenera kupimidwa m'chifuwa ngakhale akuoneka bwino. Anthu a m'mudzi anaima m'makomo kuonerera mkamwini atakweza apongozi ake, iwo atagwira malaya anga kumsana. Ena analankhula, ndipo ndinawasiya alankhule. Sabata yomweyo ndinayala mitengo pamwamba pa chitsime chija n'kusiya kabowo ka ndowa ya chingwe. Masiku ano madzi ndimatunga ndine, iwo amathirira ndi kachitini, ndipo sindibisalanso kuseri kwa mpanda. Kumpingo, akandipatsa mpata wolengeza, ndimanena chinthu chimodzimodzi mpaka achinyamata anachiloweza: wokalamba amene amagwa, amene ali ndi shuga, wa mtima kapena wa chizungulire, asapite yekha kumtsinje, kuchitsime, ngakhale kubafa kumene kuli beseni lodzaza, ndipo akagwa mugwireni ndi manja anu.

Singano ya agogo ndikadali nayo. Mphasa sindidziwa kusoka bwino, mizere yanga imakhota ngakhale sindimwa pilisi lililonse, koma ndimaipaka mafuta kuti isachite dzimbiri. Lamulungu lotsatira tsiku la kuchitsime, titafika pa mawu aja m'pemphero, ndinawanena mokweza pamodzi ndi anzanga, ndipo ndinkadziwa amene ndikuwanena. ANambewe anali atakhala kumbali ya azimayi, mzere wachitatu. Anzawo awiri a kumtsinje aja anagona kalekale kumanda, ndipo agogo, amene anandilonjeza kuti aima pamchenga, anatsogola onse. Ndinawakhululukira onsewo.